Dzina la gemu ndi lomwelo, koma pa PS4, pa laputopu ndi pa foni si chinthu chimodzi: mutenge iti?

Lamlungu lapitali titangoweruka ku tchalitchi ku Highfield kuno ku Harare, mwana wa achemwali anga anandikokera pambali. Mnyamatayu wakhala akusunga timadola miyezi yambiri, amathandiza kunyamula katundu ku Mbare Musika Loweruka lililonse, ndiye akuti "amalume, ndigule PS4 ya second hand, kapena laputopu, kapena ndingosintha foni basi? Si magemu ake ndi omwewo, GTA ili ponseponse, mpira uli ponseponse?" Ndinamuuza kuti tiye tikakhale pansi, chifukwa funso limeneli anyamata amandifunsa pafupifupi sabata iliyonse pa kashopu kanga ku Mufakose komwe ndimakonza mafoni ndi ma console, makina osewerera magemu pa TV monga PlayStation 4 (PS4), ndipo yankho lake silikwana poyimirira pa geti.

Nkhani yonse yagona pa mawu amodzi, port. Gemu ikamapangidwa imapangidwira makina enaake, ndiye akafuna kuti iyendenso pa makina ena amachita kuyisamutsa, kumeneko ndiye ku port kwake. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi kungokopera fayilo ngati mmene timachitira ndi nyimbo pa memory card. Ayi ndithu. Tangoganizani banja likuchoka m'nyumba ya zipinda zisanu ku Marlborough kukalowa chipinda chimodzi ku ma flat a ku Mbare. Banja ndi lomwelo, koma sofa yaikulu ija sikwera pa masitepe, wadirobu muyigulitsa, ndipo chimene chitsale chitengera nzeru za amene akulongedzayo. Wina amadziwa kuti poto ndi bulangete zikhale zoyamba, wina amangoponya zinthu mu lole mpaka mbale zonse kusweka panjira.

Kusiyana kwake kuli mkati mwenimweni. PS3 inali ndi purosesa yotchedwa Cell, yachilendo zedi, moti zolembedwera iyo zinali zovuta kuzichotsamo. PS4 ndi Xbox One zitabwera mu 2013 zinatenga tchipi cha AMD cha mtundu womwe uli m'makompyuta wamba, nchifukwa chake masiku ano magemu a PlayStation akufika pa PC mosavuta kusiyana ndi kale. Nintendo Switch ya 2017 ili ndi tchipi cha Nvidia Tegra X1 ndi RAM ya 4GB yokha, pomwe PS4 ili ndi 8GB, PS5 ili ndi 16GB. Foni nayo ili ndi zake, ilibe fani, ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro. Onani Red Dead Redemption, inatuluka 2010 pa PS3 ndi Xbox 360, koma a PC anadikira mpaka October 2024, zaka 14 zathunthu. GTA V inayamba September 2013, inafika pa PS4 November 2014, pa PC April 2015, pa PS5 March 2022. Ulendo uliwonse panali anthu amene anakhala pansi kuyisulanso.

Ndipo nthawi zambiri osulawo si amene anapanga gemuyo poyamba. Eni ake amapereka ntchitoyo kwa kampani ina yapadera. Chinthu choyamba chimene ndimauza aliyense ndi ichi, usanalipire funsa kuti anasamutsa ndani ndipo anthu amene ali ndi makina ofanana ndi ako akuti bwanji. Safunsa anadya phula.

Laputopu kapena kompyuta

Ndiyambe ndi iyi chifukwa ndi imene makolo amavomera msanga, poti mwana achitiraponso za sukulu. Ubwino wake ndi weniweni. Gemu ukaigula pa Steam, sitolo ya magemu a kompyuta ya pa intaneti, imakhala yako olo usinthe kompyuta katatu, mitengo imagwa kwambiri pa nthawi ya sale, ndipo pali ma mod amene anthu wamba amapanga okha, kusintha ma jezi, kuwonjezera magalimoto, kukonza zimene eni ake anasiya. Sony, eni ake a PlayStation, nayo inaona kuti kuno kuli ndalama, inabweretsa Horizon Zero Dawn pa PC mu 2020, God of War mu January 2022, mpaka inagula kampani ya ku Netherlands yotchedwa Nixxes mu 2021 kuti izigwira ntchito yosamutsayi. Spider-Man imene Nixxes inatulutsa mu August 2022 ndi chitsanzo cha ntchito yogwiridwa ndi mtima wonse.

Koma apa mpamene pamagwa ma port oyipa kwambiri, ndipo chifukwa chake nchomveka. Pafupifupi PS4 iliyonse padziko ndi yofanana ndi inzake, wopanga amadziwa ndendende chimene chili mkati. Makompyuta ndi mitundu miyandamiyanda, uyu ali ndi Nvidia, uyu AMD, uyu Intel, ma driver akale, Windows yosiyana, ndiye kuyesa zonsezo kumafuna nthawi ndi ndalama zimene makampani ena safuna kuwononga. Batman: Arkham Knight inatuluka June 2015 ikuyenda bwinobwino pa PS4, koma ya PC inali yojemajema moti Warner Bros inayichotsa pa msika, nkudzayibweza mu October. Dark Souls itafika pa PC mu 2012 inali yokhomeredwa pa zithunzi 30 pa sekondi ndi chithunzi chosawala bwino, mpaka munthu wamba wodziwika ndi dzina loti Durante ndi amene anatulutsa kachida kokonzera kotchedwa DSfix. The Last of Us Part I mu March 2023 anthu ena amadikira nthawi yaitali kwabasi ikungokonza ma shader, timapulogalamu tojambulira zithunzi, isanayambe nkomwe, kenako nkumazima yokha. Zambiri mwa izi zinadzakonzedwa ndi ma apudeti, inde, koma apudeti kwa ife ndi data, ndipo gemu ya masiku ano yodutsa 50GB kapena 100GB si chinthu chodawuniloda ndi bandulo ya pa foni. Kuona maso a nkhono nkudekha, gemu ya PC osaigula sabata imene yatuluka.

Chinanso chimene anyamata ambiri samachiona msanga ndi laputopu yeniyeniyo. Ambiri mwa malaputopu otsika mtengo amene ali m'mashopu a m'tauni ndi aja anali a mu ofesi kunja, Core i5 yabwino ndithu, RAM 8GB, koma graphics ndi ya Intel yomangidwira mkati. Wogulitsa sananame kuti ndi makina abwino, Word ndi Excel zimauluka, magemu akale ngati San Andreas kapena mpira wa zaka zingapo zapitazo ziyenda. Koma God of War siyenda mokoma pamenepo olo utsitse zonse mpaka pansi. Laputopu yokhala ndi graphics card yakeyake mtengo wake umapitirira wa PS4 kutalitali, ndiye ikatentha kukonza kwake nkovutanso, ndimazitsegula ine ndimaona fumbi la mu August mmene limatsekera fani.

Pali nkhani inanso imene inandipweteka mtima chifukwa inakhudza dera lathu lonse lino. Mu May 2024 Sony inalengeza kuti osewera Helldivers 2 pa PC ayenera kukhala ndi akaunti ya PlayStation Network (PSN), ndipo gemuyo inachotsedwa pa Steam m'mayiko ndi madera opitirira 170 kumene PSN kulibe. Zimbabwe ndi Malawi sizili pa mndandanda wa mayiko a PSN, nchifukwa chake aliyense kuno amalembetsa ngati ali ku South Africa. Anthu atakuwa kwambiri Sony inabweza lamulo la akauntilo, koma phunziro linatsala lakuti gemu itha kusamutsidwa bwino pa makina koma osasamutsidwira ku dziko lako. Musanagule fufuzani kaye ngati ikugulitsidwa kwa munthu wokhala ku Harare.

Tizida tam'manja

Pa Switch ndi pamene pamaoneka luso lenileni la osamutsa. Doom ya 2016 inafika pa Switch mu November 2017 kudzera kwa Panic Button, anaichepetsa kuchoka pa zithunzi 60 kufika 30 pa sekondi, chithunzi chinafewa, koma ukaigwira ndi Doom ndithu. The Witcher 3 inadabwitsa anthu kwambiri mu October 2019, Saber Interactive inalowetsa dziko lonselo pamodzi ndi zowonjezera zake mu kakhadi ka 32GB, m'manja imayenda pa 540p. Udzu anapatulira, mithunzi anachepetsa, koma nkhani yonse ilimo, palibe mudzi umene anaudula. Awa ndi aja odziwa kulongedza.

Mbali inayo muli Mortal Kombat 1 ya September 2023, imene pa Switch inagulitsidwa $70 chimodzimodzi ndi ya PS5 koma nkhope za omenyanawo zinali zoti anthu anazifalitsa pa intaneti ponse, ndipo kudikira kuti ndewu iyambe kunali kwakutali. Okonda mpira nawo anaona zawo, kuyambira FIFA 20 mpaka FIFA 23 ya pa Switch inali yolembedwa Legacy Edition, kutanthauza gemu yakale yomweyo angosinthamo ma jezi ndi mayina a osewera. Zinasintha pa EA Sports FC 24 mu 2023 pamene anaisamutsira pa injini ya Frostbite, pulogalamu yaikulu imene gemuyo imamangidwapo. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, bokosi ndi lofanana, za mkati ndi zina.

Chimene chimandikopa pa tizidati ndi batire basi. Magetsi akathima m'mawa nkubwera usiku, Switch imakhala ikuyenda pomwe PS4 yangokhala chete pa shelefu. Koma kuno ndi ochepa ali nayo, ndiye wobwerekana naye magemu kumupeza nkovuta, ndipo magemu a Nintendo satsika mtengo kawirikawiri. Steam Deck ya Valve imene inatuluka February 2022 njira yake ndi ina, imayendetsa magemu a Windows pa Linux kudzera mu chotchedwa Proton popanda wopanga kusamutsa kalikonse. Ndi chida chabwino zedi koma kuti chifike kuno ndi mpaka wachibale achinyamule kuchokera ku Joni kapena ku UK.

Foni, imene tonse tili nayo kale

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ana athu ambiri ali. Pa foni pali zinthu ziwiri zosiyana zimene anthu amazitcha dzina limodzi.

Choyamba ndi port yeniyeni, gemu yonse yaku console kuilowetsa mu foni. GTA: San Andreas inatuluka pa PS2 mu October 2004, nkufika pa mafoni kumapeto kwa 2013 kudzera kwa War Drum Studios. Mamishoni onse alimo, ukaidawuniloda kamodzi data yambiri sikufunikanso, ndipo kwa mwana amene kwawo kulibe TV imeneyi ndi mphatso yaikulu. Vuto ndi zala. Gemu imeneyi anaipangira padi yokhala ndi mabatani omveka pa chala, ndiye kuwulutsa ndege kapena kuthamangitsa sitima pa njinga yamoto ukupalasa galasi, chala chako chomwe chikuphimba theka la sikirini, ndi ntchito yotopetsa. Kapadi ka Bluetooth kamasintha zonse, ndipo ndimauza aliyense kuti bola kugula kameneko kusiyana ndi kusintha foni.

Mbiri ya San Andreas yomweyi ikuonetsanso mmene kusamutsa kobwerezabwereza kumadyera gemu. Ya pa foni ija ndi imene anaitenganso kupita nayo ku Xbox 360 mu 2014 kenako PS3, ndiye kuti anthu a console analandira kope la kope. Nyimbo zina za pa mawayilesi a mu gemu zinachotsedwa chifukwa ziphaso zinatha. Kenako mu November 2021 kunabwera Definitive Edition yopangidwa ndi kampani yomweyo itasintha dzina kukhala Grove Street Games, ndipo zinavuta mpaka Rockstar, eni ake a GTA, inapepesa poyera. Chinthu chimodzi chimene chimandikhudza ine amene ndinayamba nayo pa PS2 ndi nkhungu. Pa PS2 kutali kunkabisika ndi chifunga chofiirira chifukwa makinawo sankatha kujambula zakutali, koma chifungacho ndi chimene chinkapangitsa dziko lija kuoneka lalikulu, kuchoka ku mzinda wa mu gemu wa Los Santos kupita ku wa San Fierro unkamva kuti wayenda ulendo. Atachichotsa, ukakwera pamwamba unkaona mapu onse nthawi imodzi ngati kamunda. Kufooka kwa makina akale kunali kutasanduka mbali ya kukoma kwake, ndipo wosamutsa amene sanazindikire zimenezo anataya chinthu osadziwa. Zimandikumbutsa Chichewa chimene agogo athu anabwera nacho kuno kudzera ku Tete. Chidakali Chichewa, chatola mawu a kuno, koma pali miyambi imene inatsalira panjira chifukwa panalibe amene anaona kuti ndi yofunika kuinyamula.

Chachiwiri ndi gemu yomangidwa mwatsopano poganizira foni, yongotenga dzina ndi maonekedwe. PUBG Mobile ya March 2018 inapangidwa ndi situdiyo ya Tencent, Call of Duty: Mobile ya October 2019 inapangidwa ndi TiMi. Si zimene zili pa PC kapena PS4 ayi, ndi zina, ndipo kunena zoona ndi zimene zimayenda bwino pa foni chifukwa mabatani, kutalika kwa masewero ndi kulemera kwa zithunzi zonse anayezera chala ndi batire. Minecraft nayo inachita chimodzimodzi, ya pa kompyuta inalembedwa mu Java, ya pa foni ya 2011 anailembanso mu C++, ndipo imeneyo ndi imene inakula nkudzalumikiza foni, Xbox ndi Windows mu 2017. Free Fire ya 2017 ndiye si port nkomwe, inabadwira pa mafoni ang'onoang'ono, nchifukwa chake ku ma location kuno yafala chonchi. Kuipa kwa gulu limeneli ndi koti ambiri ndi aulere polowa koma amafuna intaneti nthawi zonse ndipo mkati muli sitolo yosatseka, mwana amayamba kupempha dola ya ma diamond ogulira zinthu mu gemu, dola ya bandulo, pakutha pa chaka ndalama yake ikanagula madisiki angapo.

Okonda PES, gemu ya mpira ya kampani ya Konami, akudziwa zimene zinachitika Konami itafuna gemu imodzi ya makina onse. Anasiya Fox Engine nkupita pa Unreal Engine, nkutulutsa eFootball 2022 kumapeto kwa September 2021 yaulere, ndipo inafika pokhala gemu yonyozedwa kwambiri pa Steam pa nthawiyo, Konami mpaka inapepesa. Panopa yakonzeka ndithu ndipo pa foni anyamata akuikonda, koma amene anazolowera Master League ya PES 2021 pa shopu panga mpaka lero amapempha disiki yakale ija.

Chenjezo limodzi lofunika, GTA V ya Android kulibe. Rockstar sinatulutsepo. Ma fayilo amene akuzungulira pa WhatsApp ndi dzina limenelo mwina ndi San Andreas yovekedwa zovala zina, mwina ndi kachirombo kofuna kukuberani ma akaunti. Mafoni amene ndachotsamo zimenezi ndi ambiri, ena eni ake anataya zithunzi zonse za ana.

Emulator ndi zosewerera pa intaneti

Emulator si port. M'malo mosintha gemu kuti igwirizane ndi makina atsopano, pulogalamuyo imanamizira kukhala makina akale aja. PPSSPP imene Henrik Rydgård anayamba mu 2012 imasandutsa foni kukhala PSP, kachida kam'manja kakale ka Sony, ndipo pa mafoni wamba amene ali m'matumba mwathu imayenda bwino kuposa ma port ambiri olemera. God of War za PSP, Tekken, mpira umene anthu amaikamo okha matimu atsopano, ndinaonapo wina ataikamo mpaka ma jezi a Dynamos ndi Highlanders, ndipo wina anandifunsa ngati Bullets ndi Wanderers zingalowemo. Gemu imabwera mmene inaliri, palibe nyimbo yochotsedwa, palibe nkhungu yofufutidwa. Za PS2 zimafuna foni yamphamvu kapena kompyuta yokhala ndi emulator ya PCSX2. Pulogalamuyo payokha si mlandu, koma kutenga gemu imene sunagule ndi kuphwanya lamulo la umwini, ndipo makampani sagona, Nintendo inatengera ku khothi opanga Yuzu, emulator ya Switch, ndipo mu March 2024 anavomera kulipira $2.4 miliyoni nkutseka. Masamba ambiri otengako ma fayilowa ndi odzadzanso ndi zirombo.

Za cloud sinditaya nthawi. Gemu imayenda pa kompyuta ya kutali, iwe umangolandira kanema nkumatumiza mabatani. Ola limodzi limadya magigabayiti angapo, ndipo netiweki ikangodukiza pang'ono chigoli chalowa kale. Google yeniyeniyo inatseka Stadia, njira yake ya cloud, mu January 2023. Amene ali ndi fibre kapena Starlink kunyumba atha kuyesa, koma pa bandulo iwalani.

Kungokhala pa console imene gemuyo inabadwira

Njira imeneyi anthu amaiona ngati yachikale koma kwa ife ili ndi mphamvu zimene anthu a ku Europe sangaziganizire. Disiki ya PS4 umaigwira m'manja, ukamaliza umasinthana ndi mnzako wa ku Glen View, ukasowa ndalama umaigulitsa. Magemu ambiri a nkhani amayamba kuchokera pa disiki popanda intaneti. Mapadi awiri, TV imodzi, anthu asanu ndi mmodzi pa benchi, wogonja apereke padi, chisangalalo chimenecho foni siyingakupatse. Ndipo gemu imene inapangidwira PS4 kuchokera pachiyambi, monga God of War ya 2018, Spider-Man kapena Mortal Kombat 11 ya April 2019, imayenda mmene opanga anafunira, palibe zosinthasintha ma setting.

Koma nayonso ili ndi dzenje lake. Gemu ikapangidwa poganizira makina amphamvu nkuikankhira pa PS4 mokakamiza, zimakhala zimene zinachitikira Cyberpunk 2077 mu December 2020, pamene Sony inaichotsa pa PlayStation Store nkubwezera anthu ndalama, inadzabwerera mu June 2021. Ndiponso zatsopano zikuidumpha, Mortal Kombat 1 palibe pa PS4, Tekken 8 ya January 2024 palibe, GTA VI analengeza kuti ndi ya PS5 ndi Xbox Series X ndi S. Amene akugula PS4 lero adziwe kuti akugula nkhokwe yodzadza ya zaka khumi zapitazo, osati za mawa. Kenako magetsi. Console ndi TV zonse zimafuna moto, ndiye ngati kunyumba kulibe sola ndi inverter muzisewera pa nthawi imene magetsi abwera, ndipo akathima gemu ikusunga mutha kutaya save kapena kuwononga hard drive, ndazisinthapo zambiri pa chifukwa chomwechi. Xbox Series S ndi yotsikirapo mtengo pa zatsopano koma ilibe polowetsa disiki, zonse ndi kudawuniloda, ndipo RAM yake ya 10GB inavutitsa ngakhale opanga Baldur's Gate 3 moti ya Xbox inachedwa mpaka December 2023.

Musaiwalenso kuti kugula gemu pa PS4 sikukupatsani ya PC, nthawi zambiri mulipiranso kachiwiri ndipo save yanu siyikutsatani. Zina monga Fortnite zimalola anthu a makina osiyana kusewera pamodzi, Sony inatsegula chitseko chimenecho mu September 2018, koma si zonse. Ngati anzanu onse a mu line ali pa PS4, inu nokha pa laputopu, mudzapezeka mukusewera nokha.

Kwa achinyamata amene akuphunzira za makompyuta ndipo akulota zopanga gemu yawo, nkhaniyi ikukukhudzani kuchokera mbali inayo. Unity ndi Godot, mapulogalamu opangira magemu, zili ndi batani lotulutsira gemu pa Android, Windows ndi zina, koma batani limenelo ndi chiyambi chabe, zilembo zimene zikuwerengeka pa monita pa foni siziwoneka, ndipo chimene chikuuluka pa kompyuta yanu pa foni ya RAM 2GB chikwawa. Kulembetsa pa Google Play ndi $25 kamodzi, pa Steam ndi $100 pa gemu iliyonse, kwa Apple ndi $99 pa chaka, ndipo ma console amafuna chilolezo, makina apadera oyesera ndi mayeso awo musanatulutse. Zimatheka ndithu, Nyamakop ya ku Johannesburg inatulutsa Semblance pa PC ndi Switch mu July 2018, Free Lives ya ku Cape Town inatenga Broforce kuchoka pa PC kupita pa PS4 ndi Switch. Ine ndinganene kuti yambirani pa foni yofooka kwambiri imene ili m'nyumba mwanu, chifukwa kukweza gemu yopepuka kupita pa makina aakulu nkosavuta kusiyana ndi kufinya yolemera.

Mwana wa achemwali anga uja ndinamufunsa mafunso atatu, ukufuna kusewera chiyani kwenikweni, ndi ndani, ndipo kunyumba moto umakhalapo nthawi yanji. Anati mpira, Mortal Kombat ndi GTA V, ndi azisuweni ake, ndipo bambo ake anaika kasola chaka chatha kamene kamayendetsa TV. Pamenepo laputopu inagwa yokha chifukwa ya ndalama zakezo GTA V ikanayenda movutikira, ndipo foni yatsopano sikanamupatsa nkomwe ziwiri mwa zitatuzo. Akanakhala woti akulowa koleji chaka chamawa ndikanamuuza zina, laputopu ya sukulu ndi magemu akale. Akanakhala wopanda sola ndikanati kapadi ka Bluetooth, PPSSPP ndi power bank, ndalama yotsalayo asunge.

Tagwirizana kuti Loweruka akaweruka ku Musika tikumane pa Copacabana tiyende wapansi mpaka ku mashopu a ku Gulf Complex kukaona PS4. Ndanyamula disiki yanga ya Mortal Kombat 11 ndi chingwe cha HDMI, tikaiyatsa pomwepo, isewere kwa mphindi 20 ndimve mmene fani ikulirira, ndione ngati ikumeza ndi kutulutsa disiki bwinobwino, ngati zomata za kumbuyo sizinatsegulidwepo, ndi ngati ma analog a padi sakuyenda okha. Achemwali anga anangowonjezera lamulo limodzi, akuti ikhale pa balaza osati kuchipinda kwake, ndipo iziyaka homuweki ikatha.